A Ayub, Munthu Wothirira Boti

Anthu ena amathirira mpiru, ena tomato. A Ayub a kugombe la kumpoto kwa Chipoka ankathirira boti. M'mawa uliwonse akachoka ku swala kumzikiti ankatenga ndowa, kutsikira kunyanja, kutunga madzi, n'kukwera nawo kukakhuthulira pa matabwa a boti lawo lomwe linali gone pamchenga. Ankabwereza mpaka msana utawaletsa. Alendo odutsa ankaima n'kumanong'onezana ngati mutu wa mkuluyo ukuyenda bwino. Mutu unali bwinobwino. Boti la matabwa likakhalitsa padzuwa osalawa madzi limang'aluka, ndipo lawolo chikhomereni linali lisanalowepo m'nyanja.

Sikuti anabadwira m'maboti ayi. Anayamba ngati mlovi, msodzi waganyu, kukoka chilimira, khoka la eni ake, mpaka manja kuchita zikundu. Atasunga pang'onopang'ono anagula bwato wawo, patapita zaka n'kuwonjezera wachiwiri. Anakwatira mayi Hasina, omwe ankayanika usipa pathandala n'kumakagulitsa kumsika. Chuma chenicheni analibe, koma pagombepo anali ndi dzina. Iwo akati ndowa ya usipa yadzaza, wogula sankavutika n'kusuzumiramo. Makoka a anthu awiri akakolana pakati pa nyanja, mlandu unkathera pakhonde pawo. Ndipo pagombe limenelo pali mwambo womwe a Ayub ankausunga kuposa wina aliyense. Boti likafika, aliyense amene ali pafupi amataya zomwe akuchita n'kukagwira chingwe kulikokera kumtunda, kaya mwini wakeyo munayambana naye dzulo.

Dzina labwinolo ndi lomwe linawaitanira tsoka. Kunali nduna ina ya boma, mwana wa m'boma lomwelo, mwini wa loji yaikulu ya m'mbali mwa nyanja ndi maboti ophera nsomba. Chaka china anduna anatuma mnyamata wawo, Lenard, wa nsapato zosongoka ndi mafoni awiri, kudzauza asodzi kuti apange gulu. Anati kukubwera mainjini khumi a maboti kuchokera kunja, ndipo boma lalola kuti alowe osalipira msonkho popeza ndi a asodzi osauka. Chofunika chinali wapampando wokhulupirika. Anthu sanachedwe n'kukambirana, onse analoza a Ayub, ndipo kuyambira pamenepo anakhala a Tcheya.

Tsiku lopereka linali tsiku ndithu. Panamangidwa tenti, amayi anavina mpaka fumbi koboo, mainjini khumi atandandalikidwa pa lona akunyezimira. Anduna anagwira dzanja la a Ayub nthawi yaitali, nkhope italoza kwa ojambula, n'kunena kuti umphawi wautsanzika gombe lino. Galimoto za akuluakulu zitangonyamuka, lole inabwerera chafutambuyo, anyamata n'kuyamba kukweza mainjini aja.

"Musadandaule a Tcheya," anatero Lenard. "Akungopita kukaikidwa manambala. Inu konzani boti, oyamba kulandira ndi omwe ali okonzeka."

Injini simangidwa pa bwato wogoba, imafuna boti la matabwa. A Ayub anagulitsa mabwato awo onse awiri, n'kuwonjezera mbuzi za mayi Hasina, kupita nazo ndalamazo kwa a Christopher, mmisiri wokhoma maboti, mnzawo wa paubwana. A Christopher anakhoma boti lalikulu, la m'mbali mwakuya, loti n'kukafika nalo ku chilumba cha Mbenji osaopa mafunde. Apa ndi pomwe panalakwika. Boti lotero silimva nkhafi. Popanda injini linali ngati nkhokwe yomangidwa pakhomo popanda munda.

Manambala aja mpaka lero akuikidwabe. Alovi ogwira ntchito kwa anduna anayamba kunena chapansipansi kuti mainjini awaona ndi maso awo, ena akuyendetsa alendo a paloji kukaona zilumba, ena ali pa maboti a bwana ophera utaka. Zimapweteka kuzinena. Mayi Hasina akafika kumsika ndi beseni limodzi la usipa, wodula ziphaso amakhala wafika kale asanagulitse n'kamulu komwe, ndipo akati alibe, beseni limalandidwa. Koma munthu wamkulu, wolumbira atagwira buku kuti adzatumikira dziko, analowetsa mainjini khumi osapereka olo tambala, atabisala kumbuyo kwa nsanza za asodzi. Akatero madzulo ake n'kumalankhula pa wailesi kuti Amalawi tiphunzire kukonda dziko lathu.

A Ayub anayendera kuloji kuja mpaka mlonda anasiya kuwayankha moni. Pofuna kuti pakhomo pasagone njala, anabwerera ku ulovi ndi imvi zawo, kukoka chilimira pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana awo. Koma chowawa kwambiri chinali pakamwa pa anthu. Ena anayamba kunena kuti a Tcheya anadya nawo, bwanji ndi iwo okha anakhometsa boti? A Christopher ndi omwe ankazimitsa motowo. Nawonso anali pa mndandanda wa olandira, koma ankati, "Mkulu uyu ndamudziwa tikusambira opanda kabudula. Bodza sadziwa n'komwe kuti limayambira pati." Anthu ankaisiya nkhaniyo, chifukwa nawonso mumtima ankadziwa choncho.

Nyengo ya mphepo ya mwera inabwera n'kupita, inabweranso. Phula la m'mizere linayamba kusweka, a Ayub n'kumatseka ndi zigamba za thonje, n'kumathirirabe. Mayi Hasina ankawaseka mowawidwa mtima kuti, "Bambo ake a Layla, likadzabereka zipatso mudzandigawireko."

Kenaka nkhani inamveka pa wailesi kuti phungu wina wafunsa za mainjini aja m'Nyumba ya Malamulo, ndipo a zamisonkho atumiza munthu kudzaona ngati alidi m'manja mwa asodzi. Sipanathe sabata, Lenard anatulukira pakhomo ndi paketi ya shuga, akumwetulira ngati anasiyana dzulo.

"Asalaam aleikum, a Tcheya! Mwasowatu."

"Wa aleikum salaam. Wasowa ndi ine kapena inu?"

Lenard anaseka, n'kukokera mpando pafupi. Anati mawa kubwera mayi wina wa ku Lilongwe. Injini imodzi ibwera m'mawa, imangidwe pa boti lawo. Mayiyo akafunsa, angonena kuti akhala nayo kuyambira tsiku la mwambo lija, ndipo ena asanu ndi anayiwo ali ku Mbenji ndi eni ake, poti ndi nyengo ya usodzi.

"Ndiye ndiname?"

"Aaa, kunama kwake kuti a Tcheya? Injiniyo si yanu kodi? Bwana anena okha kuti zikayenda bwino, imeneyo isachokenso pa boti lanu. Boti lokongola ngati ili lizingofera pamchenga?"

Atachoka, a Ayub anakhala nthawi yaitali akuyang'ana boti lija. Mayi Hasina sanatsegule shuga uja.

"Mukayankha chiyani akakufunsani?" anafunsa mayiwo.

"Mai ake a Layla, ndatopa. Mabwato anapita, mbuzi zanu zinapita. Ndikakana, boti ili nyengo ina silifika. Ndikangoipeza injiniyo, anzangawa ndiziwatenga onse ku Mbenji mosinthana. Allah akuona mtima wanga."

"Allah akuona mtima, koma anthu amva pakamwa," anatero mayi Hasina, n'kukalowa m'nyumba.

M'mawa mwake injini inabweradi. Anthu anathamangira kudzathandiza kukankhira boti m'madzi, a Christopher n'kumanga okha injiniyo pa thabwa la kumbuyo lomwe analisema ndi manja awo. Chingwe chitakokedwa, injini inalira, boti linanjenjemera pansi pa mapazi a a Ayub, n'kuyamba kung'amba madzi. Anangozungulira pafupi pomwepo, koma misozi inalengeza m'maso mwawo. Boti linali labwino, lomvera, lopepuka pamafunde kuposa momwe ankaganizira pa m'mawa wonse uja wa ndowa.

Atabwerera anapeza mlendo wafika, mayi wachitsikana dzina lake Anna, atavula nsapato chifukwa cha mchenga. Lenard anaima pambali pake, anyamata a anduna atamwazikana pakati pa anthu, manja m'matumba. Mayiyo anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa ngati iwo ndiwo apampando a gulu.

"Ndine."

"Injini iyi mwakhala nayo kuyambira liti, bambo?"

A Ayub anayang'ana injini, ikadali yofunda, ikudontha madzi.

"Kuyambira tsiku lomwe anduna anatipatsa."

"Nanga enawo ali kuti?"

"Ali ku Mbenji. Eni ake ali nawo kumeneko."

Eni ake a mainjini omwe ankanenedwawo anali ataima pomwepo, ena atanyamula nkhafi paphewa. Palibe anatsutsa. Ukatsutsa bwanji anyamata a bwana akukuyang'ana m'maso, komanso wapampando wako yemwe, munthu wosanama uja, walankhula kale? Mayi Anna anayang'ana nkhope za anthu ngati akudikira kanthu, kenaka anathokoza, n'kuvala nsapato zawo.

Fumbi la galimoto yawo lisanathe n'komwe, anyamata awiri a anduna analowa m'madzi ndi sipanala.

"Iwe Lenard, tinapanganatu!" anakuwa a Ayub.

"Musadandaule a Tcheya, ibwera. Ikungopita kukaikidwa nambala."

Sanasinthe n'komwe mawu. Anyamata aja anainyamula injiniyo anthu akuonerera, n'kuiponya m'galimoto.

A Christopher anayandikira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa.

"Achimwene, mwati yanga ili ku Mbenji? Akuiyendetsa ndani?"

A Ayub anangoyang'ana komwe inalowera galimoto ija.

"Ine ndakhala ndikuyambana ndi anthu chifukwa cha inu," anatero a Christopher. Anavala chipewa chawo, n'kutembenuka.

Dzuwa litapendeka pang'ono mwera unayamba. Nyanja inada, mafunde n'kuyamba kuwomba boti lija cham'mbali. Linkafunika kukokeredwa kumtunda msanga, ndipo boti lotero limafuna amuna ambiri. A Ayub anagwira chingwe, n'kuitana monga ankaitanira moyo wawo wonse.

"Tiyeni tikoke, abale!"

Amuna anali pomwepo, pansi pa mtengo, akusoka maukonde. Palibe anadzutsa mutu. Anaitananso, kutchula ena maina. Mmodzi anaimirira, n'kukutumula mchenga pa thalauza, n'kulowera kumudzi. Amene anatsika ndi mayi Hasina okha, chitenje atachimanga m'chiuno. Awiriwo anakoka mpaka zikhatho kusupuka, boti osasuntha. Funde lililonse linkalinyamula n'kulimenyetsa pansi, madzi n'kumalowa m'mizere yomwe dzuwa linang'amba kale. Thabwa loyamba litathyoka, mayi Hasina anasiya chingwe, n'kugwira amuna awo pamkono kuwatulutsa m'madzi.

Patapita masabata angapo wailesi inalengeza kuti kafukufuku watha. Mainjini onse ali m'manja mwa asodzi, malinga ndi umboni wa wapampando wawo, ndipo anduna alibe mlandu uliwonse. Posakhalitsa anawapatsa unduna wina waukulupo.

A Ayub akadalipo. Amakokabe chilimira cha eni ake, ndipo Lachisanu amakhala mzere wa kumbuyo mumzikiti. Milandu ya makoka inasamukira pakhonde lina. Matabwa omwe nyanja inalavula, mayi Hasina anawatola n'kuwaunjika kuseri kwa nyumba, amawambira nsomba mvula ikavuta. Tsiku lina mayi wina wogula usipa, yemwe wakhala akugula kwa iwo kuyambira kale, anafika a Ayub akuthandiza akazi awo pathandala. A Ayub anadzaza ndowa, ndowa yomwe ija ankathirira nayo boti, n'kunena kuti yadzaza. Mayiyo anasuzumiramo. Anawerama, n'kupisa dzanja mpaka pansi.