Mkulu Wokana Maluwa pa Injini

Mkulu wosonkha moto wa kwathu kuno m'chigawo cha Araucanía sakhulupirira munthu wa zikhadabo zoyera. Injini yake ya nthunzi, yopunthira tirigu, amaitchula kuti "mayi awa". Chaka ndi chaka pa chionetsero cha makina akale amailawirira ndi nkhuni, n'kumaisisita ngati ng'ombe. Mawu ake ndi amodzimodzi: "Chitsulo chosatentha ndi mtembo."

Chaka chino akomiti adachita zochititsa manyazi, zomwe ena tidatopa nazo titaziona ku Ulaya. Adaizinga injiniyo ndi chingwe, n'kuika miphika ya maluwa pamatayala. Moto adaletsa, ati utsi udetsa malaya oyera a alendo ochokera kulikulu la dziko, ku Santiago. Kulira kwa mluzu wa injiniyo anthu azikumvera pa sipika!

"Achikulire, pumani," adatero Don Heriberto, wapampando. "Ingoimani apo, anthu azikujambulani."

"Iwe Heriberto, maluwawa ndi a maliro a ndani?" mkuluyo adafunsa. "Bambo ako adakula ndi buledi wa mayi awa, lero iwe ukuwaika m'manda ali moyo?"

Sadadikire yankho. Adabwereka ng'ombe za mnansi wake, n'kukokera injiniyo ndi chopunthira chake kuseri kwa mpanda, kumunda wa mayi wina wamasiye amene tirigu wake adali asadapunthidwe. Adasonkha moto. Nthunzi itakwana, mluzu udalira, ndipo alendo aja adalumpha mpanda ndi malaya awo oyerawo, kukaima mu utsi momwemo.

Don Heriberto adatsala yekha ndi sipika, akulondera maluwa.