Waya wa Nasiru M'njira ya Alendo

Nasiru wa ku Mwadzama analibe pepala lililonse la sukulu ya zamagetsi, koma kwa zaka makumi awiri ndiye ankalumikiza masola m'midzi yonse yozungulira. Ntchito yokhazikika ndiyo inkamuzemba, poti mabwana amalemba pepala, salemba manja.

Mwayi unabwera imvi zitayamba kale. Mayi Benedicta, eni malo ogona alendo kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, ankafuna nyali zounikira kanjira kopita kuzipinda. "Zikayaka mwezi wathunthu osavuta, ndikulembani ntchito," anatero.

Nasiru anayeza njirayo ndi mapazi. Nyali zinali makumi awiri, iliyonse ya mawati atatu, choncho anasankha thiransifoma ya mawati zana kuti isamatenthe. Anaiika pakatikati pa njira, n'kugawa waya wonenepa mbali ziwiri kuti nyali zakumapeto zisamaphethire ngati ziphaniphani. Pamenepa munthuyu ankadziwa ntchito, tisamunamizire. Koma poti magetsi a mavoliti khumi ndi awiri sapha ndi nkhuku yomwe, wayayo anangomukwirira pamwambamwamba mumchenga.

Anaiwala kuti kwathu kuno bwalo laukhondo ndi lopalidwa ndi khasu. Anaiwalanso kuti wopala pamalopo anali mkazi wake yemwe, Rahila, amene ntchito yakeyo ndiyo inkadyetsa banja lonse.

Sabata yachitatu Rahila anapala m'mbali mwa njira mpaka kuti mbee, n'kudula wayayo malo asanu osadziwa. Nyali zinazima, mlendo wina anapunthwa pasitepe n'kubinya mwendo. M'mawa mwake Mayi Benedicta anawaitana onse awiri.

"Mmodzi wa inu achoka lero. Lalakwa ndi khasu kapena waya?"

Rahila anati atsegule pakamwa, Nasiru anamutsogolera. "Mayi, walahi, pali Mulungu, khasu ladutsa momwe limadutsa masiku onse. Amene sanakumbe mozama ndi ine."

Zinamuwawa kwambiri, chifukwa sankangotchinjiriza mkazi wake, ankanena zoona. Anatola pulayala yake n'kutuluka pageti. Mbiri yoipa sidikira minibasi: sabata isanathe inali itafika ku Dwangwa, ndipo ngakhale a masola anasiya kumuitana.

Masiku ano amakonza matochi a asodzi pansi pa mtengo wa mango. Rahila akadali kupala njira ija. Nasiru sanamufunsepo ngati nyali zinayakanso, nayenso Rahila sanamuuzepo.