Amalume Anga ndi Mbalame za Alendo

Masiku ano amalume anga akakupeza ndi legeni m'thengo, ulimba nawo. Koma ndi omwewa anakulira kutchera mbalame, mpaka anthu anangowatcha a Ulimbo. Ndiwo anandilera mayi atamwalira, ndipo sindidzatha kuwathokoza.

Chaka chimenecho zinthu zinathina. M'munda simunatuluke kanthu, ndipo akazi awo anali atandipezera malo m'tauni oti ndizikalera ana a eni. Sukulu inathera pomwepo, chikwama ndinali nditamanga kale.

Kenaka kuphiri kunatsegulidwa malo ogona alendo. Bwana wa pamalopo atafunsa za munthu wodziwa mbalame, mudzi wonse unaloza kwathu.

"Mawa kukubwera alendo ofuna kuona mbalame," anatero bwanayo. "Mukawasangalatsa, ntchito ndi yanu."

Amalume ndi munthu waulemu. Anaona kuti n'kupanda khalidwe kuyendetsa alendo m'minga chifukwa cha timbalame. Analawirira ndi ulimbo wawo, ndipo alendo akumaliza kumwa tiyi, anawatulira pakhonde dengu lodzaza mbalame zomanga miyendo.

"Nazi, mabwana, sankhani. Zonona ndi izi."

Mayi wina mwa alendowo anakuwa. Bwana uja anawakokera amalume kuseri kwa khitchini.

"Bambo, mwandivula! Anthuwa sakufuna ndiwo. Akufuna kuziona zili mumtengo, zikuuluka."

"Ulendo wonsewu, kudzangoona basi?"

"Basi! Zimasuleni, muzipita."

Amalume anakhala pansi n'kuyamba kumasula imodziimodzi, akupukuta ulimbo m'nthenga ndi mafuta ophikira. Akuti ankangoganiza za ine. Mayi anakuwa uja anabwera kudzagwada pambali pawo n'kumathandiza. Atafika pa kambalame kachikasu, mayiyo anafunsa kudzera mwa bwana kuti kamagona kuti.

"Kumtsinje. Kanzake kakudikira komweko," anayankha amalume, n'kuimba likhweru la kulira kwake. Kambalame kaja kanapendeketsa mutu m'manja mwa mayiyo, n'kuyankha.

Alendo onse anatola zipewa zawo. Minga ija anailowa okha, amalume ali patsogolo, bwana akutsatira m'mbuyo.

Dzuwa litapendeka amalume anafika pakhomo ndi dengu lopanda kanthu.

"Nanga ndiwo zili kuti?" anafunsa akazi awo.

"Zili mumtengo, zikugwira ntchito. Mawa alendo ena akuzifunanso." Kenaka anandiyang'ana ine. "Iwe, ukulira chiyani? Masula chikwamacho, uchape yunifolomu."