Mbusa Wodziwa Nyumba Zathu

Ndinadandaula koyamba m'chaka cha referendamu, ndipo makope a makalata anga onse ndinasunga kuno ku Handsworth, kudziko la azungu. Nkhani yake ndi ya nyimbo ya agogo anga, a Yesaya Kamtedza.

Ndikawakumbukira ndimamva fungo la fodya wa labu ndi la inki yomwe ankapanga okha ndi mwaye wa nyali, atakhala pakhonde kwathu ku Dowa, mbuzi zikulira m'khola, ine ndikuwagwirira pepala kuti lisauluke ndi mphepo. Paunyamata wawo anali mphunzitsi wa mishoni. Masiku amenewo mzungu wa mishoni akalemba mayina a Akhristu, posakhalitsa asilikali a msonkho ankafika pakhomo la aliyense osasochera. Agogo anapeka nyimbo yoti, "Mbusa wathu satiiwala, atidziwa mayina ndi nyumba zomwe." Mzunguyo anaikonda mpaka anaiyimbitsa pamaso pa bwana wa ku boma, amayi a mumpingo akubisa chiseko m'nsalu.

"Agogo, simunkaopa?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Kuopa chiyani iwe? Mzunguyo anandipatsa jekete."

Anaseka mpaka kutsokomola, nandituma madzi.

Lero nyimboyi imayimbidwa ku Erdington, m'holo yomwe Amalawi timapemphereramo. Ana athu a madigiri amaiyimba ndi kiyibodi, atatsinzina, manja m'mwamba, ndipo papepala la nyimbo analemba kuti woipeka sadziwika. Sadziwika bwanji ine mdzukulu wake ndimakhala pampando wachiwiri? Nditawafotokozera a tcheyamani, mnyamata waulemu wophunzira udokotala, anati, "Adadi, tiidisikasa ku komiti." Akudisikasabe.

Mayi a kunyumba, a Nabanda, amanditonza m'basi pobwerera. "Inu odandaulanu, ndani amakweza besi kuposa onse?"

Sindikana. Chipale chofewa chikamagwa panja, ife m'katimo tikuyimba mawu a agogo, mtima wanga umakhala m'malo, ndipo pa "nyumba zomwe" ndimaluma mlomo ngati amayi aja. Sindikufuna kuti nyimboyi ichotsedwe. Ayi, iziyimbidwa.

Choncho ndikupempha mwaulemu a komiti kuti dzina la a Yesaya Kamtedza lilembedwe pansi pa nyimboyi, kuti mayi oyambitsa nyimbo auzidwe mwakachetechete kuti mbusa amene amamulirira misoziyo anali wa msonkho, ndiponso kuti ndiyankhidwe polemba ndikadali ndi maso owerengera.