Nthutumba ndinaipatula dala

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkaphika chakudya cha Khirisimasi kunyumba kwa alamu anga ku Area 12, ndipo zaka zonsezo sindinadyerepo pa tebulo lawo. Alamuwo ndi mlongo wawo wa amuna anga, bere limodzi. Iwo anaphunzira nakwatiwa ndi bwana wa m'boma, pomwe amuna anga ndi mlonda ku Area 11. Alendo akafunsa kuti mayi ali kukhitchiniyo ndi ndani, alamu ankangoti, "Ndi wotithandiza." Wotithandiza! Ine amene ndinkasambitsa amayi awo mpaka tsiku limene anatisiya. Mawu amenewo ankandiwawa kuposa utsi wa mbaula.

Chaka chimene ndikunenachi kunkabwera makolo a mnyamata amene ankafuna kukwatira mwana wamkazi wa alamuwo. Ndinalawirira ku Msika wa Tsoka kukasankha tomato, anyezi, kabichi ndi mpunga wonunkhira, kenako ndinapeza tambala wachikuda wonenepa bwino. Mvula inandipeza ndikudikira minibasi. Ndinafika chitenje chili chonyowa, tambala akulira kukhwapa.

Ndili mkati mososola, alamu analowa atavala epuloni yatsopano, mizere ya kusitolo isanachoke.

"Iwe, lero usaonekere pabalaza," anatero. "Alendowa ndi anthu a mwambo. Ndawauza kuti ndaphika ndekha."

Ndinangoti chabwino. Koma mumtima ndinati, mayi inu, lero mundidziwa.

Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti ukaphera mlendo nkhuku, nthutumba ndi ya wamkulu. Ikasowa mumphika ndiye kuti wophika wadyeratu, ndipo mlendo wanyozedwa. Alamu anga zimenezi anaziiwala kalekale, poti nkhuku zawo zimabwera zoduladula m'mapepala. Tambalayo ndinamuphika ndi mtima wanga wonse, chifukwa alendo sanandilakwire kanthu. Msuzi unagwira bwino, mpunga unachita kumwazika. Nthutumba yokha ndinaipatula, n'kuivundikira m'kambale pamwamba pa firiji.

Atatha kupemphera ndinasuzumira pa chitseko. Bambo a mnyamatayo, mkulu wa mpingo wa ku Mitundu, anatenga supuni n'kuvundula m'mbale ya ndiwo. Anavundulanso. Kachitatu anaika supuni pansi n'kupinda manja.

"Mayi," anatero mofatsa, "kodi nkhukuyi inali ndi vuto m'mimba?"

Alamu sanamve kumene funsolo linkapita. Anaseka nati, "Ayi bambo, inali yabwinobwino. Ndatumbula ndekha."

Apo akazi awo a mkuluyo anafunsa, osakweza mawu, "Ndiye nthutumba mwadya nokha?"

Mwana wamkazi uja anayang'ana amake ngati alire. Ine kuseri kwa chitseko ndinaluma chitenje kuti ndisaphulike, ndipo sindinama, ndinamva kukoma.

Alamu anafika kukhitchini ali wefuwefu. "Iwe, ili kuti?"

"'Iwe' ndi ndani muno?" ndinafunsa, ndikupukuta mpeni.

Anandiyang'ana. "Chonde, alamu. Ukwati wa mwana usaonongeke."

"Ilipo. Koma ndikapereka ndekha."

Ndinasamba m'manja, n'kumanga chitenje bwinobwino, n'kutenga kambale kaja. Pabalaza ndinagwada pamaso pa mkuluyo. "Pepani bambo, ndinaipatula kuti isasowe mumsuzi."

Anailandira ndi manja awiri. "Zikomo. Nanga inu ndinu ndani, mayi?"

Ndinatembenuka n'kuyang'ana alamu, n'kudikira. Ndikadadikira ngakhale mpaka chaka chatsopano.

"Ndi alamu anga," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Akazi a mlongo wanga. Aphika ndi iwowa."

Mkuluyo anagwedeza mutu. "Ndiye pemphero lija tathokozera manja olakwika. Apatseni mpando, atipempherere mwatsopano."

Ndinapempheradi, ndipo chilichonse chimene ndinathokoza chinali choona. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mvula imene inagwa bwino, chimanga chathu kumudzi chitafika kale m'mawondo. Ndinathokoza chifukwa cha ana anga anayi, onse amoyo, onse pa sukulu. Ndinathokoza chifukwa cha amuna anga, amene nthawi imeneyo anali chiimire pageti la eni ake kuti ena adye mwamtendere. Ndinathokoza chifukwa cha malemu apongozi anga, amene anabereka ana awiri n'kuwayamwitsa mofanana, osadziwa kuti wina adzakhala pa sofa, wina kunja kwa mpanda. Ndinathokozanso chifukwa cha manja angawa, amene aphikira nyumba ino Khirisimasi kasanu ndi kawiri. Alendo anayankha Ame wamphamvu. Wa alamu sindinamumve.

Ndinadya pang'onopang'ono, ntchafu yonse ndi mpunga mbale ziwiri. Amayi achilendo aja anandifunsa za kwathu, tinapezeka kuti timadziwana ndi anthu amodzimodzi, tinaseka mpaka misozi. Alamu anangotola kabichi pang'ono basi.

Ukwati unachitika, ndipo ndinavina nawo. Kuphika kokha sanandiitanenso, ndipo akandiona pa maliro amandipatsa moni wa nsonga za zala. Abusa amati tizikhululuka, ndipo ndikuyesetsa, koma tsiku limenelo sindinalilapebe. Pa Khirisimasi imeneyo, dzuwa litapendeka ndinatsanzika alendo, n'kutulukira khomo lakutsogolo. Kukhitchini ndinasiya mapoto asanu, mbale za anthu khumi ndi awiri, ndi nthenga za tambala zili m'beseni.