Bambo Sankabwereketsa Macheka

Mdzukulu wanga kuno ku Lawrence akuphunzira za azungu akale a ku America amene anakana mfumu ya ku Mangalande kuti adzilamulire okha. Dzulo anandifunsa m'Chingerezi chakecho ngati kwathu kunali otero. Analiko, mwanawe. Nawonso ankafuna kudzilamulira, koma atakhala pamsana pathu. Ndicho chitaganya chimene tinkakana.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ku Mulanje. Tsiku lina ndinkayanika chinangwa pathandala. Kunabwera amuna asanu kudzapempha macheka a bambo. Ankafuna kugwetsera bulugamu mumsewu kuti malole a asilikali asadutse.

Bambo anali ocheka matabwa. Za ndale analibe nazo gawo. Koma macheka awo sankabwereketsa, ngakhale kwa mbale.

"Mukandigululira mano," anatero. "Tiyeni, ndikadule ndekha."

Machekawo anali a anthu awiri, ndiye amalume anatsatira.

Dzuwa lili paliwombo tinamva mfuti. Nkhuku zinathawira kunsi kwa nkhokwe. Mayi anabereka Esinati, mng'ono wanga, nandisenzetsa mphasa. Chitseko sanatseke. Anati bambo asavutike akabwera.

Tinadzera m'minda ya tiyi, chowerama. Mayi wina anatipitirira atasenza mtondo wopanda munsi. Palibe anamuseka.

Tinawoloka Ruo madzi ali m'chiuno. Kutsidya linali dziko la Apwitikizi. Banja lina linatipatsa khonde. Mayi ankakhala moyang'ana padoko. Aliyense wowoloka ankamufunsa za bambo, mpaka anthu anayamba kuwalambalala.

Tsiku lachinayi amalume anafika okha. Anakhala pansi chapatali, navula chipewa. Anati mtengo unagwa bwino, koma lole inatulukira mbali ina. Anthu anabalalika. Bambo anabwerera kukazula macheka amene anapanika pachitsa. Asilikali anawaombera pomwepo pamodzi ndi ena, nakweza mitembo m'lole. Kumene anapita nayo palibe anadziwa.

Ndinene zoona, ndinawakwiyira bambo zaka zambiri. Chitsulo chabe! Esinati ali ku South Bend, konkuno ku America, lero, ndipo nkhope yawo saikumbukira. Nthawi zina ndimamusirira.

Amalume atabwera ndi uthengawo, m'mawa mwake mayi anabwereka lumo kwa eni nyumba. Anandimeta ine, kenaka Esinati, amene ankaseka poyesa ndi masewera. Amalume anameta mayi. Tsitsi tinalikwirira kuseri kwa nyumba ya eni. Tinalibe china choika m'manda.