Mchere wa m'Dimba la Bambo

Bambo anga sankataya madzi. Ngakhale amene asambira m'manja ankakawathira pa mtengo wa papaya kuseri kwa nyumba. Anakulira m'chilala kwathu ku Mkhumba, ndipo kwa iwo kusiya madzi apite osagwira ntchito linali tchimo.

Bungwe lina litatiikira pampu ya sola pa mjigo wa kudimba, bambo anasanduka mwana. Pampuyo inkakoka kwambiri dzuwa likakhala paliwombo, choncho tinkathirira nthawi yomweyo, mpaka madzi kuima m'mabedi ngati m'munda wa mpunga. Matimati athu anatchuka kwa mavenda a ku Migowi.

Koma madziwo anali ndi kamchere, tonse tinkakamva pa lilime. Mlangizi wa zaulimi anati, "Bambo, kumbani ngalande kumunsi kuno, madzi otsala azituluka ndi mchere wake."

"Nditaye madzi ine?" anatero bambo. "Inu a boma, mwana wanu anagonapo ndi njala? Madzi ndi mlendo, sapirikitsidwa."

Ngalande sinakumbidwe. M'malo mwake anakweza mizere ya m'mbali kuti ngakhale dontho lisathawe.

Patapita zaka zingapo masamba a matimati anayamba kupsa m'mphepete. Bambo anati ndi ludzu, nawonjezera madzi. Dzuwa linkamwa madziwo, mchere n'kutsala, mpaka nthaka inayera ngati mwatayikira ufa. Anathira manyowa, anathira feteleza, anaitana ndi abusa omwe kudzapemphera. Ngalande ija anadzaikumba pomaliza, ali okha, koma nthaka inali itafa kale. Mtima umandiwawa mpaka lero, ndipo sindidziwa woti ndimukwiyire. Dimba lina tinalibe.

Tsiku lina mayi anapita kudimbako ndi ndowa, napala dothi loyera lija. Analitcheza mumphika wobowola monga ankachitira makolo awo ku Mozambiki, nawiritsa madzi ake mpaka kutsala mchere wotuwa. Anauthira mu nandolo.

Bambo atalawa anafunsa, "Mchere umenewu mwautenga kuti, mayi?"

"Ndi zokolola za chaka chino, bambo."

Bambo anakankha mbale, nasamba m'manja. Kenaka ananyamula beseni n'kukhuthulira madziwo pafumbi pomwepo pabwalo, papaya uja ali potero.